Laputopu ya magemu pa thumba la mwana wa sukulu: yatsopano, ya kaunjika, kapena PS4?

Wogulitsa akakuuzani kuti "iyi ndi Core i7 bwana, gaming, RAM 16", musanafunse mtengo mufunseni mafunso awiri: muli graphics card (khadi yoyendetsa zithunzi za gemu) yanji, ndipo imapatsidwa mawati angati a magetsi? Akayamba kuzungulira, n'kumakuonetsani kiyibodi yoyaka mofiira ndi mobiriwira, dziwani kuti mukugulitsidwa chikomekome cha mkuyu. RAM mutha kuwonjezera chaka chamawa. SSD, yosungira mafayilo, mutha kusintha. Batire nayo imagulidwa. Koma graphics card ndi purosesa ya laputopu anaziwotcherera pabodi, ndipo zimene mwagula lero ndi zomwe mudzamalize nazo digiri. Ndalama yochepa imene muli nayo ipite kaye pa chinthu chimene simudzatha kuchisintha.

Mitengo ya mu kwacha sikhalitsa. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo laputopu iliyonse imene mukuiona m'mashopu a ku Limbe kapena ku Area 2 inagulidwa ndi madola kapena marandi. Ngongole ya HESLGB imathera ku fizi ndi zofunika za tsiku ndi tsiku, kotero laputopu nthawi zambiri imachokera kwa makolo, kwa achimwene amene ali ku Joni, kapena ku maganyu a patchuthi. Ndalama yotere imabwera kamodzi. Mukaiponya pa chinthu cholakwika, palibe amene adzakupatseni ina chaka chachiwiri.

Dzina la graphics card ndi mawati ake

Malaputopu otsika mtengo a magemu pafupifupi onse ali ndi makhadi a NVIDIA, ndipo mayina amene mukumane nawo ndi ochepa. GTX 1650 inatuluka mu 2019 ndipo ili ndi 4GB. RTX 2050 dzina lake limanamiza: imaoneka ngati ya gulu lapamwamba, koma mphamvu zake zimangoposa pang'ono GTX 1650, nayonso ili ndi 4GB. RTX 3050 ya 2021 ili ndi 4GB, ndipo pambuyo pake anatulutsa ina ya 6GB. Ziwirizi zimagulitsidwa ndi dzina limodzi, ndiye funsani kuti ndi iti. RTX 3060, ya 2021 yomweyo, ili ndi 6GB ndipo ndi yamphamvu kwambiri kuposa 3050. Mu 2023 kunabwera RTX 4050 ya 6GB ndi RTX 4060 ya 8GB, ndipo mu 2025 kunabwera RTX 5050 ndi RTX 5060, zonse za 8GB.

Ma GB amenewa si RAM ya kompyuta. Ndi malo a khadiyo payokha, mmene imasungamo zithunzi za gemu pamene mukusewera. Akadzadza, gemu imayamba kugwiragwira ngakhale purosesa ikhale yamphamvu chotani. 4GB ikukwanabe pa mpira, GTA V, Valorant, Fortnite ndi Counter-Strike 2. Pa magemu akuluakulu otuluka zaka zino yayamba kuchepa, ndipo mwana wa chaka choyamba amene akufuna chida choti chimufikitse chaka chachinayi asamayang'ane pansi pa 6GB ngati thumba likulola.

Mukaona MX250, MX350 kapena MX450, imeneyo si laputopu ya magemu, ngakhale pali chomata cha NVIDIA pafupi ndi kiyibodi.

Nkhani ya mawati ndi imene ogulitsa ambiri saitchula, mwina chifukwa nawonso saidziwa. NVIDIA imalola wopanga laputopu kusankha mphamvu ya magetsi imene apatse khadi. RTX 4050 ndi RTX 4060 zimatha kupatsidwa kuyambira mawati 35 mpaka 115, ndipo ena amawonjezerapo mpaka 140. RTX 3060 imayambira pa 60 kufika pa 115. Choncho malaputopu awiri onse olembedwa RTX 4060 pakatoni akhoza kusiyana kwambiri mukawayika pa gemu imodzi. MSI Cyborg 15 imapatsa khadi yake mawati 45 okha, pomwe ASUS TUF A15 ya 2023 imafika 140. RTX 4060 ya mawati 45 ndi RTX 4050 ya mawati pafupifupi 100 zimathamanga moyandikana, chikhalirecho woyambayo mwamulipira ndalama zambiri. Mukadutsa mawati 100, makhadi awiriwa sawonjezeranso liwiro lodziwika, ndiye palibe chifukwa cholipirira zambiri kuti mupeze 140. Chongopewa ndi kugwera pansi penipeni osadziwa. Nambalayi imapezeka pa webusaiti ya wopanga laputopu, kapena mu NVIDIA Control Panel pa System Information, pomwe amalemba Maximum Graphics Power.

Za purosesa ndinene mwachidule. "i7" payokha satanthauza kanthu. Core i7-7500U, yomwe ili m'malaputopu ambiri akale, ili ndi ma core (timagawo togwira ntchito m'purosesa) awiri. Core i5-12450H ya 2022 ili ndi asanu ndi atatu ndipo imaisiya kutali. Yang'anani m'badwo wake ndi chilembo chakumapeto: H, HS ndi HX ndi za ntchito yolemera, U ndi ya mu ofesi. Core i5-12450H, i5-13420H kapena Ryzen 5 7535HS zimakwana bwinobwino kuyendetsa RTX 4050. Mukapatsidwa mpata wosankha pakati pa i7 yokhala ndi RTX 3050 ndi i5 yokhala ndi RTX 4050 pamtengo wofanana, tengani i5 musanaphethire.

Yatsopano ya m'katoni

Pano pakupikisana Lenovo LOQ, Acer Nitro V 15, HP Victus 15, ASUS TUF, MSI Thin ndi Cyborg, Dell G15 komanso Gigabyte G5. Mu 2024 ku America malaputopu a gulu limeneli okhala ndi RTX 4050 ankagulitsidwa pa madola 700 mpaka 900. Kuti ifike m'manja mwanu ku Zomba kapena ku Mzuzu, pawonjezereni zonyamulira, msonkho, phindu la wogulitsa ndi mtengo umene iyeyo wagulira dola.

Lenovo LOQ inayamba mu 2023, kulowa m'malo mwa IdeaPad Gaming 3, ndipo mwa onsewa ndi imene ndingayambe kuyang'ana. Imapatsa khadi mawati ochuluka, kiyibodi yake ndi yabwino kulembera asaimenti yaitali, ndipo mkati muli malo awiri a RAM ndi awiri a SSD. Batire yake ya 60Wh si yotamandika. Palinso msampha umodzi: ma LOQ ena, monganso ma TUF ena, ali ndi Ryzen 7 7435HS kapena Ryzen 5 7235HS. Mapurosesa awiriwa alibe graphics yaing'ono ya mkati, kotero khadi ya NVIDIA imagwira ntchito nthawi zonse, ngakhale mukungowerenga PDF. Pa gemu zili bwino, koma batire imatha msanga kwambiri, ndipo kwa munthu amene amakhala m'kalasi momwe masoketi ndi awiri anthu zana, limenelo ndi vuto la tsiku lililonse.

ASUS TUF A15 ndi yolimba thupi, ndipo mitundu ina ili ndi batire ya 90Wh, yomwe ndi yaikulu kuposa ya anzake onse pagululi. Mukaipeza ya batire imeneyo ili ndi Ryzen 7 7735HS, mwapeza laputopu ya magemu imene ingapirire maola angapo a kalasi popanda tchaja. Kawirikawiri imadulirapo kuposa LOQ.

Acer Nitro V 15 ndi HP Victus 15 zili pakatikati: mawati ake saposa a LOQ ndi TUF, koma nthawi zambiri ndi zimene zimapezeka motsika mtengo. Victus ili ndi ubwino wina umene anthu sauwerengera. Imaoneka ngati laputopu wamba, yopanda mizere yofiira ndi timagetsi, ndiye mutha kupita nayo ku atachimenti osaoneka ngati mwabwera kudzasewera, komanso siikopa maso a akuba m'minibasi. MSI Thin ndi Cyborg ndi zopepuka, zosafika makilogalamu awiri, ndipo kupepukako amakulipira ndi mawati 45 aja. Kwa amene amayenda wapansi mtunda wautali kuchokera kumene akuchita lendi, si malonda oipa, bola mudziwe chimene mwasiya. Dell G15 ili mbali inayo: yolemera, tchaja yakenso ngati njerwa.

Kuti atsitse mtengo, opanga onsewa amadula zinthu zitatu. Choyamba ndi RAM: ambiri amabwera ndi 8GB ya kabodi kamodzi. Windows 11, Chrome ndi gemu sizikwana bwino mu 8GB, ndipo kabodi kamodzi kamachedwetsa purosesa poyerekeza ndi tiwiri. Konzekerani kufika 16GB, ndipo muwerengeretu mtengo wake, chifukwa kumapeto kwa 2025 mitengo ya RAM inakwera kwambiri padziko lonse. Chachiwiri ndi SSD ya 512GB, yomwe imadzadza ndi magemu atatu kapena anayi akuluakulu. Chachitatu ndi sikirini. Pafupifupi onse ali ndi 1920x1080 ya 144Hz, zomwe ndi zabwino, koma ambiri otchipa amalembedwa 45% NTSC, kutanthauza kuti mitundu imaoneka yofwifwa. Wosewera mpira sangadandaule. Wophunzira zojambula, utolankhani wa kanema kapena zomangamanga afunefune yolembedwa 100% sRGB, apo ayi chithunzi chimene akonza pa laputopu chidzatuluka china akachisindikiza.

Chimene mukugula kwenikweni mukatenga yatsopano ndi mtendere wa mumtima: batire yosatha mphamvu, mafani oyera, ndi waranti. Koma funsitsani za warantiyo. Laputopu yogulidwa pa Takealot kapena Evetech ku South Africa, kapena pa Amazon, nthawi zambiri ikawonongeka imafunika kubwerera kudziko kumene inagulidwa. Pepala lolembedwa chaka chimodzi silikuthandizani ngati palibe woti ainyamule kupita nayo ku Johannesburg n'kubwera nayo. Wogulitsa wa m'dziko momwe muno akulembereni pa lisiti kuti waranti ndi ya miyezi ingati ndipo ikavuta mupite nayo kuti.

Ya kaunjika

Apa ndi pamene ndalama ya mwana wa sukulu imagula mphamvu zambiri, ndiponso ndi pamene anthu ambiri amalira. Laputopu ya 2021 kapena 2022 yokhala ndi RTX 3060, monga Lenovo Legion 5, Acer Nitro 5 kapena ASUS TUF, imathamanga magemu moyandikana kwambiri ndi RTX 4050 yatsopano. Legion 5 inali ya gulu lokwererapo pa nthawi yake, ndiye mitundu yake yambiri ili ndi sikirini yabwino ndi kuziziritsa kwabwino kuposa zatsopano zotchipa za lero. Chimene mukusiya ndi Frame Generation ya NVIDIA, njira yowonjezera zithunzi kuti gemu izioneka yosalala, yomwe imayambira pa makhadi a RTX 40, komanso kusunga magetsi, poti 3060 imadya kwambiri kuti ifike pa liwiro lomwelo. DLSS wamba, yomwe imathandiza gemu kuthamanga popanda chithunzi kuipa kwambiri, ilipo pa RTX iliyonse.

Pansi pake pali GTX 1660 Ti ya 6GB ndi GTX 1650. Izi ndi za 2019 ndi 2020, zakalamba, koma musazinyoze ngati mtengo uli wotsikadi. Kampani ya EA inalemba kuti gemu yake ya mpira ya FC 25 pa kompyuta imafuna osachepera GTX 1050 Ti, RAM ya 8GB ndi malo a 100GB. GTX 1650 imadutsa pamenepo. Chimene sindingachite ndi kulipira mtengo wa RTX pa GTX 1650 chifukwa choti laputopuyo ikuwala.

Malire ake ndi awa: musatsike pansi pa Intel ya m'badwo wa 8. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 mwalamulo imafuna Intel ya m'badwo wa 8 kapena, pa malaputopu, Ryzen 3000 kupita m'tsogolo, pamodzi ndi chida cha chitetezo chotchedwa TPM 2.0. Alipo amene amaikakamiza pa makina akale, koma magemu ngati Valorant amafuna TPM 2.0 ndi chitetezo china chotchedwa Secure Boot pa Windows 11, ndipo amakana kutseguka zikasowa.

Laputopu ya magemu imakalamba mosiyana ndi ya mu ofesi. Yakhala zaka zitatu ikutentha pafupi ndi madigiri 90, mafani akukoka fumbi, mwini wake akuitsegula ndi kuitseka ndi dzanja limodzi. Choncho musagule pongoona zithunzi pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp, ndipo musatumize kobiri pa Airtel Money kapena Mpamba musanaigwire. Kumanani pamalo pali anthu ndi soketi, mutenge fulashi yanu, mupemphe mphindi makumi atatu. Wogulitsa wachilungamo sakana.

Yambani ndi manja. Tsegulani chivindikiro pang'onopang'ono, mumvetsere ngati mahinji akulira kapena pulasitiki ya pakona ikutukuka. Hinji yothyoka imakoka waya wa sikirini, ndipo kukonza kwake ndi kodula. Ikani laputopu patebulo losalala. Ikamagwedera, kapena touchpad ikaoneka yotukuka, batire yafufuma mkati. Suzumirani m'mabowo a pansi ndi tochi ya foni: mukaona fumbi lochita kuumbika ngati thonje, mwini wake sanaitsegulepo. Onani timisomali ta pansi ngati tili tonse ndiponso ngati mitu yake sinaperepeseke, chizindikiro choti yakhala ikupita kwa okonza kawirikawiri.

Kenako yatsani. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc, mupite pa Performance: pamenepo muona dzina lenileni la purosesa, kuchuluka kwa RAM ndi dzina la khadi, osati zimene zalembedwa pa chomata. Tsegulani Command Prompt mulembe powercfg /batteryreport. Ikupatsani fayilo yoonetsa manambala awiri, Design Capacity ndi Full Charge Capacity. Yachiwiriyo ikakhala theka la yoyambayo, batire yatha, ndipo mtengo utsike molingana. Pa fulashi ija mukhale CrystalDiskInfo yoonera thanzi la SSD, HWiNFO yoonera kutentha, ndi gemu imodzi kapena FurMark, pulogalamu yoyesera khadi. Lumikizani tchaja, yendetsani gemu kwa mphindi khumi ndi zisanu muli maso pa manambala. Khadi ya NVIDIA ikafika madigiri 87 imayamba kudzichepetsa liwiro yokha. Purosesa kufika m'ma 90 pa gemu si zachilendo, koma ikakhala pa 100 osatsika, kapena laputopu ikazima yokha, kapena pa sikirini pakayamba kutuluka timadontho ndi mizere yachilendo, bwezani, thokozani, nyamukani. Kutentha kwa fumbi kumakonzeka ndi kutsuka ndi thermal paste (phala lopaka pa purosesa lothandiza kuchotsa kutentha) yatsopano. Mizere ya pa sikirini nthawi zambiri ndi khadi imene ikufa, ndipo imeneyo ndi bodi yonse.

Zinthu ziwiri zomaliza anthu amaziiwala. Lowani mu BIOS, makonzedwe a makina amene mumalowamo Windows isanatseguke, muone ngati mulibe pasiwedi. Laputopu yokhomedwa BIOS imene wogulitsa sakudziwa pasiwedi yake ili ndi mbiri imene simukufuna kuilowa. Ndipo yang'anani tchaja. Malaputopu amenewa amafuna tchaja ya mawati 120 mpaka 230 kapena kuposa. Akakupatsani ya mawati 65 chifukwa "imalowa bwinobwino", laputopu iziyaka ndithu, koma pa gemu izichepetsa liwiro kapena kumadya batire ili pamagetsi. Tchaja yeniyeni ya mawati 170 kapena 230 ndi yodula komanso yosowa. Lembani serial number pa lisiti pamodzi ndi dzina la wogulitsa, kuti tsiku lina apolisi akadzafunsa mudzakhale ndi poyambira.

Yopanda khadi yapadera

Njira iyi anthu saiganizira chifukwa palibe mawu oti "gaming" pakatoni. Mapurosesa a AMD a zaka zaposachedwa ali ndi graphics ya mkati yamphamvu ndithu: Radeon 680M, yomwe inabwera mu 2022 ndipo ili mu Ryzen 7 6800H ndi 7735HS, komanso Radeon 780M ya 2023 yomwe ili mu Ryzen 7 7840HS. Zimenezi zimayendetsa GTA V, Valorant, Dota 2, eFootball ndi Fortnite mukatsitsa makonzedwe a chithunzi, ndipo 780M imayandikira GTX 1650. Laputopu yake imakhala yopepuka, yosachita phokoso, batire imapirira tsiku la kalasi, ndipo tchaja yake ya USB-C imakwana m'thumba la jekete. Chofunika n'chakuti RAM ikhale 16GB ya timabodi tiwiri, chifukwa graphics yotere imabwereka RAM ya kompyuta. Intel Iris Xe ili pansi pa zimenezi. Magemu opepuka imayesetsa, koma FC yatsopano imaivuta.

Vuto lake ndi mtengo. Yatsopano yokhala ndi 780M nthawi zambiri siitsika kwenikweni poyerekeza ndi ya RTX 3050, ndiye mukuigula chifukwa cha batire ndi kupepuka, osati kupulumutsa ndalama.

Laputopu ya sukulu payokha, gemu payokha

Dzifunseni moona mtima kuti mumasewera chiyani. Ngati yankho ndi mpira ndi anzanu Loweruka madzulo, mwina ndi GTA pang'ono, laputopu ya magemu ndi njira yodula kwambiri yofikira pamenepo. ThinkPad T480, HP EliteBook 840 G5 kapena Dell Latitude 7490, zonse za 2018, zadzadza pamsika, zokhala ndi Intel ya m'badwo wa 8 zimalandira Windows 11, zipangizo zake okonza ali nazo, ndipo Word, Excel, SPSS, Stata ndi Python wa m'kalasi zimayenda popanda vuto. Pambali pake gulani PS4 ya kaunjika. Ndi ya 2013, koma FC 24, FC 25 ndi FC 26 zonse zinatuluka pa PS4. Imalandira madisiki amene mutha kubwerekana, kusinthana kapena kugulitsanso, ndipo kusewera awiri pa TV imodzi sikufuna bando. Ziwirizi pamodzi kawirikawiri sizifika pa mtengo wa laputopu yatsopano ya RTX 4050.

Ubwino wina ndi woti ngozi yagawika. Laputopu ya magemu ikapsa bodi sabata yopereka pulojekiti ya chaka chomaliza, mwataya gemu ndi sukulu tsiku limodzi. Kuipa kwake, PS4 imafuna TV kapena monita, imafuna malo m'chipinda chimene mukugona anayi, magetsi akazima yazima pomwepo, ndipo chipinda chanu chimasanduka holo ya hositelo yonse. Xbox Series S ya 2020 ndi yamphamvu kuposa PS4 ndipo Rockstar inalengeza GTA VI pa iyo pamodzi ndi PS5 ndi Series X, koma ilibe polowetsa disiki. Gemu iliyonse ndi yokopera pa intaneti ndi kulipira ndi khadi ya banki.

Njira imeneyi siigwira kwa aliyense. Wophunzira uinjiniya kapena zomangamanga ku MUBAS, kapena wa ku MUST amene akulimbana ndi Revit, SolidWorks, Lumion kapena Blender, wokonza makanema pa Premiere kapena DaVinci Resolve, ndi amene akuphunzira machine learning yomwe mapulogalamu ake ambiri amadalira CUDA, luso lopezeka pa makhadi a NVIDIA, onsewa khadi ija ndi chida cha sukulu, gemu ndi yongokwera nawo. Kwa iwowa ndinganene RTX 4050 yatsopano ya mawati okwanira, kapena RTX 3060 ya kaunjika imene yadutsa mayeso aja, ndi RAM ya 16GB. RTX 4060 kapena 5050 ya 8GB ndi yabwino koposa ngati kusiyana kwa mtengo sikukudyerani ndalama ya chakudya. Wa zamalamulo, zauphunzitsi, zaulimi kapena zaunamwino amene amangofuna mpira, ThinkPad ndi PS4 zimupatsa zonse ziwiri ndi chenji.

Desktop imapereka mphamvu zambiri pa ndalama yomweyo ndipo chilichonse mkati mwake chimasinthika, koma ilibe batire, siipita ku laibulale, ndipo kusamuka nayo pa basi kumapeto kwa semesita iliyonse ndi chintchito.

Magetsi, bando ndi fumbi

Amene amayesa malaputopu pa YouTube ali m'maiko momwe soketi siikhumudwitsa. Kuno muwerengere ESCOM. Laputopu ya magemu ikachoka pamagetsi imadzitsitsa liwiro, ndipo mukaumirira kusewera, batire imatha mu ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono. Pa ntchito wamba, zambiri za batire ya 50 mpaka 60Wh zimapirira maola atatu kapena anayi. Magetsi akazima masana n'kudzayaka usiku, mnzanu wa ThinkPad adzakhala akulemba inu mukuyang'ana denga. Ngati mumadalira sola yaing'ono kapena inveta, kumbukirani kuti pa gemu chidachi chimakoka mawati oposa 100, pomwe laputopu ya mu ofesi imakhutira ndi 45 kapena 65. Funsani ngati mtundu umene mukufunawo umalola kutchaja pa USB-C. Ena amalola, ndipo power bank ya mawati 65 kapena 100 imakupulumutsani pa asaimenti, ngakhale siingayendetse gemu. Gulaninso surge protector yeniyeni, ndipo magetsi akazima zulani tchaja, chifukwa nthawi yoopsa ndi pamene akubwerera. Matchaja ambiri amalandira mavoti 100 mpaka 240, ndiye yochokera ku America imagwira pa 230 yathu. Chongosintha ndi chingwe cha kukhoma, kuti mupeze cha mapini atatu a makona m'malo momangirira adaputala yogwedera.

Bando ndi mtengo wina wobisika. Gemu ya 100GB pa bando ya Airtel kapena TNM si nkhani yamasewera, ndipo ikatha kukopedwa imafunabe ma update. Steam, sitolo ya magemu a pa kompyuta, ili ndi njira yokopera gemu kuchokera pa kompyuta ya mnzanu pa Wi-Fi imodzi, bola gemuyo ikhale yanu pa akaunti yanu. Pa magemu aulere monga Counter-Strike 2, Dota 2 ndi eFootball, munthu mmodzi akakopera hositelo yonse yapata. Epic Games Store imagawa gemu yaulere sabata iliyonse. Magemu obedwa oyenda pa mafulashi ndi amene amabweretsa mavairasi pa laputopu yomweyo imene muli dizeteshoni yanu, ndiye sungani ntchito ya sukulu pa Google Drive kapena pa fulashi ina. Osewera pa intaneti asankhe seva ya ku South Africa pamene ilipo, monga pa Counter-Strike 2 ndi Dota 2. Mukalowa ya ku Ulaya, chipolopolo cha mdani chimakupezani musanamuone, ndipo palibe RTX imene ingakonze zimenezo.

Fumbi la m'chilimwe ndi kutentha kwa October zimapha malaputopu amenewa mwakachetechete. Amapuma kudzera pansi, ndiye kuseweretsa pa bulangete kapena pa matiresi n'kuitseka mphuno. Ikani patebulo, mukweze kumbuyo kwake ndi buku kapena kathabwa kuti mpweya uzidutsa. Zimenezo zokha zimatsitsa kutentha ndi madigiri angapo. Kamodzi pa semesita itsegulidwe pansi, mafani apukutidwe ndi kaburashi kofewa, ndipo popemerera mpweya gwirani fani ndi chala kuti isazungulire mopitirira. Mu Lenovo Vantage, MyASUS ndi mapulogalamu ena a opanga muli poti muuze batire izilekeza kutchaja pa 60 kapena 80 peresenti; kwa laputopu imene imakhalira pa soketi, zimatalikitsa moyo wa batire.

Ngati ikubwera ndi m'bale kuchokera kunja, musangomuuza kuti "mundigulire HP Victus". Dzina limodzi lomwelo limagulitsidwa ndi RTX 2050, RTX 3050 ndi RTX 4050, ndipo munthu wosadziwa adzatenga yotchipa poganiza kuti wakuchitirani zabwino. Mutumizireni nambala yonse ya mtunduwo, dzina la khadi, ma GB ake ndi kukula kwa batire, ndipo asanalipire akutumizireni chithunzi cha chomata cha pakatoni. Aiyatse ali konko, aiyese masiku angapo nthawi yobweza isanathe, asunge lisiti yoonetsa a MRA pa chipata, ndipo pa ndege kapena pa basi ikhale m'chikwama cha m'manja, osati pansi pa katundu.